Nkhani ya Aisraeli Musamaidule Pakati: Kalata kwa Atsogoleri a Mipingo

Kwa abusa, ansembe, maepiskopi, atumwi, aneneri ndi akulu a mpingo. Kwa inu a masinodi a Livingstonia, Nkhoma ndi Blantyre, a bungwe la maepiskopi a Katolika, a Malawi Council of Churches ndi a Evangelical Association of Malawi.

Atate ndi amayi athu mwa Ambuye,

Landirani moni wa mkhristu wamba. Sindinapite ku sukulu ya ubusa ku Zomba kapena ku seminale ya Kachebere. Ntchito yanga mu mpingo ndi kuphunzitsa ana a Sande sukulu ndi a kalasi, kuyenda nawo m'maliro ndi kusonkhana ndi anzanga kumphakati. Ndikudziwa kuti mwambo wathu sulola mwana kuloza chala akulu pagulu. Koma zomwe zandikhazika pansi kuti ndilembe sizikuchitikira kuseri. Zili pa wailesi, pa kanema, pa Facebook, m'magulu a WhatsApp ndi m'mabwalo a mpira odzaza anthu. Ndiye nane ndati ndilankhule poyera, ndipo pomwe mawu apitirira msinkhu wanga mundikhululukire. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Dandaulo langa ndi limodzi. Mumatilalikira za Aisraeli pafupifupi sabata iliyonse, koma nkhani yawo mumaidula pakati. Timamva za Nyanja Yofiira ikugawanika, za malinga a Yeriko akugwa, za Goliati ali chafufumimba. Kenako mlaliki amakuwa kuti chaka chino Yeriko wako agwa, mpingo wonse n'kuyankha kuti "Ndalandira!" Nkhani zimenezo si zabodza, zilimo m'Baibulo. Koma Paulo, pa 1 Akorinto 10, atanena kuti zomwe zinawagwera Aisraeli zinalembedwa kuti zitichenjeze ife, sanatsindike za zigonjetso ayi. Anatchula mitembo yomwazikana m'chipululu, mafano, njoka ndi kung'ung'udza. Mbali imeneyi yasowa pa gome lathu, ndipo omwe akulipira kusowa kwake ndi amphawi, ena ndi ndalama zawo, ena ndi moyo.

Tiyeni tipite ku Afeki, pa 1 Samueli 4. Sindikumbukira kuti ulaliki wa malo amenewa ndinaumva liti. Aisraeli anamanga misasa ku Ebenezeri, Afilisti ku Afeki. Nkhondo itakumana, Aisraeli anagonja, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anatsala pabwalo. Otsalawo atabwerera kumisasa, akulu a Israeli anafunsa funso labwino zedi: Yehova watikanthiranji lero pamaso pa Afilisti? Funso linali lomwelo, koma yankho sanalidikire. Nkhaniyo sinena kuti anapemphera, kapena kuti anayang'ana moyo wawo. Anangogwirizana kuti atume anthu ku Silo akatenge likasa la chipangano, libwere pakati pawo liwapulumutse.

Likasa linabwera, ndipo obwera nalo anali Hofeni ndi Pinehasi, ana a Eli. Mutu wachiwiri wa buku lomweli watiuza kale kuti anali anthu otani. Munthu akamaphika nyama ya nsembe, mnyamata wawo ankafika ndi chingowe cha mano atatu, n'kupisa mumphika, chomwe chakodwa n'kukhala cha wansembe. Nthawi zina ankalanda nyama ili yaiwisi, mafuta asanatenthedwe, n'kumaopseza mwini nsembe kuti akakana atenga mwamphamvu. Ankagonanso ndi akazi otumikira pakhomo la chihema. Amenewa ndiwo anaperekeza chinthu chopatulika koposa zonse mu Israeli. Likasa litalowa mumsasa, anthu anafuula mpaka nthaka inagwedezeka, Afilisti kutsidyako n'kuchita mantha. Munthu wodutsa akanati chitsitsimutso chafika. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku limenelo anagwa asilikali 30,000, likasa linalandidwa, Hofeni ndi Pinehasi anafa, ndipo Eli, nkhalamba ya zaka 98, atamva uthengawo anagwa chagada pampando wake pafupi ndi chipata, khosi n'kuthyoka.

Atate anga, taonani manambalawo. Tsiku lopanda likasa anafa 4,000. Tsiku la likasa ndi mfuu anafa 30,000. Ndipo likasalo silinali fano lachikunja. Mulungu mwini wake ndiye analamula Mose kuti alipange, n'kumuuza ndi miyeso yake yomwe. Chinalakwika n'chakuti analisandutsa chithumwa. Ankafuna mphamvu ya Mulungu popanda kumumvera Mulunguyo.

Lero likasa lathu likugulitsidwa m'mabotolo. Pali madzi odzozedwa, mafuta, mchere, timipango, zibangili, zomata za pagalimoto ndi za pachitseko. Kumsika komwe ndimagula ndiwo kuli mayi wina wa tomato ndi bonya. Pabenchi pake wamata chomata chokhala ndi nkhope ya mneneri, chapauka ndi dzuwa, ngodya imodzi yamatuka. M'mawa uliwonse asanaunjike tomato amatulutsa kabotolo m'chitenje, n'kudontheza madzi m'manja, n'kuwaza pabenchipo uku milomo ikugwedera. Botololo anagula ndi ndalama ya mpamba. Nditamufunsa anati, "Papa anati malonda atseguka, bola ndisakayike." Sindikumuseka mayiyu. Ali ndi ana ofuna fizi, ali ndi ngongole ya banki mkhonde, ndipo amamukondadi Mulungu. Mlandu uli kwa yemwe anamugulitsa, komanso kwa yemwe amamuona m'tchalitchi Lamulungu m'mawa osamuphunzitsa kanthu za zimenezi.

Mfumu Hezekiya inakumana ndi zoterezi. Njoka yamkuwa yomwe Mose anaipachika pamtengo m'chipululu, pa Numeri 21, inapulumutsadi anthu olumidwa. Koma patapita zaka mazanamazana Aisraeli anali akuifukizira lubani. Hezekiya anaiphwanya. Werengani 2 Mafumu 18:4, kenako musatseke buku, tsikirani vesi 5. Pompo ndi pomwe palembedwa kuti Hezekiya anakhulupirira Yehova, ndipo panalibe wofanana naye mwa mafumu onse a Yuda. Mbiri ya chikhulupiriro chake yatsatana ndi kuphwanya kwa chinthu chomwe anthu ankachiyesa chopatulika. Ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo alipo omwe anamunena kuti wanyoza Mose.

Za Namani sindichulutsa, mukuzidziwa. Anabwera ndi matalente 10 a siliva, masekeli 6,000 a golide ndi zovala 10. Elisa anamutumiza ku Yordano, ndipo munthuyo atachira, mneneri anakana kulandira ngakhale kanthu kamodzi. Yemwe anathamangira galeta kukapempha anali Gehazi, ndipo anabwerako ndi siliva, zovala ndi khate. Masiku ano kuonana ndi munthu wa Mulungu pawekha kuli ndi mtengo wake, ndipo pakhomo pamakhala wolemba malisiti. Sindikudziwa kuti mwa awiriwa tatsata uti.

Mwina inu a mipingo yakale mukuti izi n'za ena, kwanu kulibe mabotolo. Pepani, muli momwemo. Akhristu anu omwewo, ovala yunifomu ya Mvano, ya Chigwirizano ndi ya Umanyano, ndi omwe masana amakwera minibasi kupita kwa aneneri, chifukwa kwanu sanapeze wowamvera. Ndipo nanunso muli ndi zomwe mwaphunzitsa anthu kudalira: dzina la mpingo, khadi la chopereka, chinyumba chachikulu chopemphereramo. Alipo akhristu omwe amalipira khadi osati chifukwa choyamika Mulungu, koma kuopa kuti maliro awo sadzaimbiridwa. Yeremiya anaima pachipata cha kachisi, pa mutu 7, n'kuuza anthu kuti asadalire mawu onama akuti kachisi wa Yehova, kachisi wa Yehova, kachisi wa Yehova, pomwe akupondereza mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Ndipo anawauza kuti apite ku Silo akaone zomwe zinachitika kumeneko, Silo yemwe uja kunachokera likasa.

Yeremiya yemweyu ndi amene ndikufuna tikhale naye pang'ono, chifukwa nkhani yake ndi Hananiya ikukhala ngati inalembedwera ife. M'chaka cha 597 Yesu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga mfumu Yehoyakini, akalonga, amisiri ndi ziwiya za m'kachisi kupita nazo ku Babulo. Otsala ku Yerusalemu anali ndi chisoni, mabanja atagawikana. Yeremiya ankayenda mumzinda atavala goli la mtengo m'khosi, kusonyeza kuti ulamuliro wa Babulo sutha msanga. M'chaka chachinayi cha mfumu Zedekiya, mwezi wachisanu, Hananiya mwana wa Azuri wa ku Gibeoni anaimirira m'kachisi pamaso pa ansembe ndi anthu onse. Analankhula m'dzina la Yehova kuti zisanathe zaka ziwiri, ziwiya zibwerera, mfumu ibwerera, andende onse abwerera.

Yankho la Yeremiya limandikhudza. Sanakalipe. Anati ameni, Yehova achite zomwezo. Nayenso ankafuna abale ake abwere. Koma anawonjeza kuti mneneri wolosera mtendere adzadziwika kuti anatumidwadi mawu ake akachitika. Apo Hananiya anavula goli lija m'khosi mwa Yeremiya n'kulithyola anthu akuona. Ganizirani m'manja momwe munaombedwa. Yeremiya anangochoka. Pambuyo pake Yehova anamutuma kuti akamuuze Hananiya kuti wathyola goli la mtengo, koma m'malo mwake mubwera la chitsulo, ndipo kuti wachititsa anthu awa kukhulupirira bodza. Hananiya anafa chaka chomwecho, mwezi wachisanu ndi chiwiri. Patangopita zaka zochepa Yerusalemu anatenthedwa, ndi kachisi yemwe.

Tinene zoona. Anthu awiriwa atabwera ku Lilongwe lero, wina n'kuchititsa msonkhano ku Bingu National Stadium wina ku Civo, tikudziwa komwe kungadzaze. Hananiya ankatchula dzina la Yehova, ankalankhula molimba mtima, anali ndi chizindikiro chooneka ndi maso, anali ndi tsiku. Ndipo anthu omwe anamukhulupirira sanali opanda chikhulupiriro. Anali nacho chambiri, koma anachiika pa bodza.

Usiku wa pa 31 Disembala chaka chilichonse timamva kuti chaka chino n'chako, nyumba, galimoto, banja, visa. Disembala winayo akafika palibe yemwe amatenga kope kuwerenga zomwe zachitika. Nyengo ya chisankho aneneri amatchula opambana osiyanasiyana, aliyense akuti Mulungu wamuonetsa, ndipo zotsatira zikatuluka ophonyawo amapitiriza ngati palibe chomwe ananena. Deuteronomo 18:22 ndi yachidule: mawu akapanda kuchitika, Yehova sanalankhule, musamuope munthuyo. Koma ife mlandu timaubweza kwa wolonjezedwa. Timamuuza kuti anakayika, sanafese mbewu yokwanira, ali ndi maunyolo a kumtundu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu n'kukwera dziko lonse, ndinamva ndi makutu anga anthu akuuzidwa kuti ndalama sizikuwakhalira chifukwa akuba chakhumi.

Vesi ya Yeremiya 29:11 mwaiona pamakhadi a ukwati, pamakalendala ndi kumbuyo kwa minibasi. Ndi vesi yokoma. Koma ili m'kalata yomwe Yeremiya analembera andende a ku Babulo aja, ndipo kalatayo imayamba ndi mawu owawa. Mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, kwatitsani ana anu, funirani mtendere mzinda womwe mwatengedwerako ndi kuupempherera, musamvere aneneri ndi olota omwe ali pakati panu. Zaka zake ndi 70. Babulo anadzagwa m'manja mwa Koresi mu 539 Yesu asanabadwe, ndipo ambiri mwa omwe anamva kalatayo ikuwerengedwa koyamba anaikidwa m'manda komweko. Kwa iwo kukhulupirira Mulungu kunali kuumba njerwa ndi kudzala mitengo yomwe zidzukulu zidzadye. Ana athu omwe ali ku Joni, omwe akutumiza ndalama za thukuta kuti awapempherere mapepala, akuyenera kumva kalata yonseyi, osati mzere umodzi.

Tsopano ndifike pomwe pakundiwawa kwambiri. Kumphakati kwathu kunali bambo wina, kalipentala. Anali pa ma ARV kwa zaka zambiri, wamphamvu zake, mabenchi ena a m'tchalitchi mwathu anakhoma ndi iye. Anapita ku m'bindikiro wina komwe anamuuza kuti wachira, ndipo kuti kupitiriza mankhwala ndi kumuyesa Mulungu wabodza. Sanauze munthu. Mkazi wake anadzapeza mabotolo a mankhwalawo ali odzaza, atakulungidwa m'jumbo, atabisidwa m'bokosi la zipangizo pansi pa sowo ndi pulena. Pomwe ankawapeza n'kuti bamboyo akulephera kukwera yekha pa kabaza. Pamaliro ake tinaimba bwino, ndipo mlaliki anati Yehova anapatsa, Yehova watenga. Ndinayang'ana mayi wamasiyeyo, anali atangozolika. Wolosera uja sanabwere, ngakhale chipepeso sanatumize. Ndipo panalibe mtsogoleri aliyense, ngakhale wa mpingo wathu, yemwe anatchula chomwe chinapha munthuyo.

Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo ife omwe tinaona maliro a zaka za m'ma 1990 tikudziwa kusiyana kwake. Koma anthu a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, a TB, akutayitsidwabe mankhwala m'dzina la chikhulupiriro. Mukudziwa komwe njira imeneyi imathera. Ku Kenya, m'nkhalango ya Shakahola, kuyambira mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu omwe anauzidwa kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Kumeneko nako zinayamba ndi ulaliki womwe atsogoleri ena anaumva n'kukhala chete.

Hezekiya uja atadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, analira kwa Yehova, n'kulonjezedwa zaka 15. Ndipo mneneri Yesaya, yemwe anabweretsa lonjezolo, ndi yemweyo analamula kuti atenge nkhuyu aziike pachithupsa kuti mfumu ichire. Zili pa Yesaya 38:21. Lonjezo ndi mankhwala zinatuluka m'kamwa limodzi. Makolo anu mu utumiki ankazidziwa izi. N'chifukwa chake pafupi ndi tchalitchi anamanga chipatala ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Mulanje Mission, ku Malosa, ku Likuni, ku Malamulo, ndipo mpaka lero zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zikuthandiza anthu kumidzi komwe boma silinafike.

Mfumu yomweyi, mu 701 Yesu asanabadwe, inazingidwa ndi Senakeribu wa ku Asuri. Zolemba za Senakeribu mwini wake zilipo mpaka pano. Amadzitama kuti analanda mizinda 46 ya malinga ya Yuda, n'kumutsekera Hezekiya mu Yerusalemu ngati mbalame m'chikwere, ndipo zithunzi zosema za kugwa kwa Lakisi zili ku British Museum ku London. Hezekiya anatenga kalata yoopseza ija n'kukaitambasula pamaso pa Yehova m'kachisi. Ulaliki umenewu timaumva. Zomwe sitimva n'zakuti mfumu yomweyo inakumbitsa ngalande pansi pa thanthwe, yotalika mamita pafupifupi 533, kutenga madzi ku kasupe wa Gihoni kulowetsa mumzinda ku dziwe la Siloamu. Magulu awiri anayamba mbali ziwiri n'kukakumana pakati, ndipo mawu omwe anazokota pakhoma kufotokoza kukumanako anapezeka mu 1880, pano ali ku Istanbul. Madzi akuyendabe m'ngalandemo. Ndikudziwa kuti Yesaya 22 amadzudzula anthu a ku Yerusalemu kuti anasamala za madzi ndi malinga osayang'ana kwa Mlengi. Chidzudzulocho n'choona ndipo chikutikhudza. Koma sanawadzudzule chifukwa chogwira ntchito.

Ku Kadesi nako nkhani timaisiyira panjira. Timayamikira Yoswa ndi Kalebe, n'kudzudzula azondi khumi amantha aja. Koma kumapeto kwa Numeri 14 anthu omwewo analawirira m'mamawa n'kunena kuti tsopano tikwera. Mose anawaletsa kuti Yehova sali pakati panu. Anakwerabe, ndipo Aamaleki ndi Akanani anawakantha mpaka ku Horima. Dzulo lake anachimwa ndi mantha, m'mawa mwake anachimwa ndi phuma, ndipo phumalo likanachitika lero tikanalitcha chikhulupiriro cholimba.

Nanga mana? Aliyense ankatola muyeso umodzi wa tsiku limenelo. Wotola zambiri sanatsale nazo, wotola pang'ono sizinamuchepere, ndipo yemwe anabisa za mawa anapeza mphutsi ndi fungo. Mana sanalemeretse munthu ndi mmodzi yemwe. Ndipo pa Yoswa 5:12, atangodya zokolola za m'Kanani, mana analeka, anthu n'kugwira makasu. Paulo atatenga nkhani ya mana pa 2 Akorinto 8, anaigwiritsa ntchito pouza mpingo wokhala nazo kuti ugawane ndi mpingo wa njala. Mu Malichi 2024, boma litalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, mipingo ina inagawadi ufa, ndipo ndikuithokoza, monganso ndikuthokoza omwe anatsegula matchalitchi kusunga anthu a namondwe wa Freddy mu 2023. Koma m'mipingo ina pepa Sande ya galimoto la abusa inapitirira ngati kunja kuli bwino. Mwana aliyense wa Sande sukulu amaloweza Malaki 3:10. Ndi angati mwa akulu a mpingo omwe anamvapo Deuteronomo 14:28 ndi 29, pomwe chakhumi cha chaka chachitatu chinkasungidwa m'mudzi kuti adye Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye?

Mumatiuza kuti tizikukhulupirirani. Tikufuna kutero. Koma atsogoleri abwino a Israeli sankangolamula kuti awakhulupirire, ankaonetsa manja. Samueli atakalamba anaima pamaso pa mtundu wonse n'kufunsa kuti ndinatenga ng'ombe ya yani, bulu wa yani, ndinalandira chiphuphu kwa yani, nenani ndibweze. Ezara, ponyamuka kumtsinje wa Ahava, anasala kudya n'kukana kupempha asilikali kwa mfumu chifukwa anali atanena kuti Mulungu awateteza. Munthu wa chikhulupiriro chotereyu anayeza pasikelo siliva ndi golide yense asanapatse onyamula, ndipo atafika ku Yerusalemu anayezanso, zonse n'kulembedwa. Nehemiya anapeza anthu akupinyolitsa minda ndi nyumba kuti agule chakudya nthawi ya njala, ena akugulitsa ana awo, okongoza katapila ali abale awo omwe. Anaitanitsa msonkhano, anawabwezetsa mindayo, ndipo kwa zaka 12 sanadye chakudya chomwe chinali choyenera bwanamkubwa. Ifeyo tikafunsa lipoti la msungichuma timauzidwa kuti musakhudze odzozedwa anga. Salimo 105, komwe kuli mawu amenewo, likukamba za Abrahamu ndi ana ake akuyendayenda ali ochepa m'maiko a eni, Mulungu n'kumachenjeza mafumu kuti asawapweteke. Silikuletsa nkhosa kufunsa za chopereka chake. Davide anali wodzozedwa weniweni, koma Natani anamuuza pamaso kuti munthuyo ndinu.

Sindikupempha chinthu chomwe simunachitepo. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse, nthawi yomwe kutsokomola kokha kunali mlandu. Anaopsezedwa, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko, mipingo ina inaima nawo, ndipo mu Juni 1993 tinavota pa riferendamu. Kuyambira pamenepo makalata odzudzula boma sanasowe, ndipo ambiri ndi oyenera. Koma kalata yodzudzula za m'nyumba mwathu momwe, yotchula malonda a madzi ndi kutayitsa mankhwala, yowerengedwa pa gome lililonse tsiku limodzi, ndikuidikirabe. Mwina mukuopa kuti anena kuti ndi nsanje chifukwa kwawo kukudzaza. Anene. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chomwe ndikupempha n'chakuti nkhani ya Aisraeli ibwerere yathunthu. Inu omwe mumakonza ndandanda wa maulaliki ndi mabuku a kalasi, ikanimo Afeki, ikanimo Hananiya, ikanimo Horima. Mukamawerenga Ahebri 11 musamaime pa mavesi 33 ndi 34, pomwe anatseka pakamwa pa mikango ndi kuthamangitsa adani. Pitirirani kwa omwe anaponyedwa miyala, anachekedwa ndi sowo, anayenda atavala zikopa za mbuzi, omwe Baibulo likuti nawonso anachitiridwa umboni chifukwa cha chikhulupiriro ngakhale sanalandire lonjezo. Tiphunzitseni yankho la anzake a Danieli pakhomo la ng'anjo, kuti Mulungu wathu angathe kutilanditsa, koma ngakhale asatero sitigwadira fano. Mlimi wa ku Chikwawa yemwe chimanga chake chauma chili m'maondo ali ndi malo m'Baibulo, pa Habakuku 3:17, koma sanauzidwepo. Amabwera ku tchalitchi n'kubwerera akudziona ngati wotembereredwa. Ndipo alaliki a kumidzi, omwe amalalikira Masabata ambiri kuposa abusa chifukwa abusa ali ndi nthambi zambiri, aphunzitseni, chifukwa pano ambiri akuphunzira pa kanema.

Lipoti la ndalama lizimatidwa pakhomo la tchalitchi, aliyense aziwerenga, ndipo pazioneka mzere wa amasiye ndi odwala.

Koma ngati zonsezi zikuchulukirani, yambani ndi mankhwala. Pamsonkhano wanu ukubwerawu, kaya wa sinodi, kaya wa maepiskopi, kaya wa mabungwe onse pamodzi, gwirizanani mawu amodzi oti mtumiki aliyense wouza wodwala kuti asiye mankhwala asakhalenso pa gome la mpingo uliwonse womwe uli pansi panu, ndipo dzina lake liperekedwe kwa a zaumoyo. Mawuwo awerengedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena, komanso pa mawailesi anu. Ngati mukufuna mboni, zilipo. Mkazi wa kalipentala uja wandilola kuti ndinene kuti ali wokonzeka kudzalankhula pamaso panu, ndipo akuti abwera ndi mabotolo aja, sanawataye. Mungotiuza tsiku ndi malo, za thiransipoti tisonkherana kumphakati.

Ine mwana wanu mwa Khristu,
Mphunzitsi wa Sande sukulu